Tsiku Limene Ndinaponda Msana wa Agogo

Fungo limene limandikumbutsa agogo a Zuze ndi la matope akuda a kudimba madzi a Shire akangobwerera m'malo mwake, matope osakanikirana ndi mabango owola komanso ndowe za ng'ombe, fungo lokanirira m'zovala ngakhale uchape kangapo. Ndikalimva ndimawaona ali chafufumimba pamphasa pansi pa mtengo wa nimu wa pakhomo pawo, malaya atavula, chibwano atachisanjika pamikono, nkhuku zikuwazungulira, mphepo yotentha ya masana ikuwaza fumbi pabwalo. Ndimamvanso mawu awo okokera m'mphuno aja akuitana mwana woti adzawaponde msana. Kwa zaka zitatu mwana ameneyo ndinali ine, Lusiya, ndipo sindinkaganiza n'komwe kuti ntchito imeneyi ingadzandichoke.

Msanawo anaupweteka ine ndisanayambe sukulu, akukweza mtolo wa thonje pangolo tsiku lopita kumsika wa Ngabu. Kuchipatala anawauza kuti kanofu kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana kanatuluka m'malo mwake n'kumapsinja mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake ululuwo sunkathera pamsana, unkatsika ndi ntchafu yakumanzere mpaka kuchala chachikulu, chimene nthawi zina chinkachita dzanzi moti patapata ankatsala m'njira iwo osadziwa. Anawaletsa kuwerama ndi kunyamula zolemera. Agogo anavomera zonse mwaulemu, anathokoza adokotala, kenako anabwerera kumudzi kukaganiza momwe angalimire dimba lawo.

Khasu analiika mpini wautali wa tsanya wofika pachifuwa, kuti azilima ali chiimire, ndipo anthu odutsa ankaseka kuti a Zuze akupalasa bwato pamtunda. Podzala ankagwada pathumba lodzaza thonje lotsalira n'kumakwawa phando ndi phando, msana uli chiwongokere. Kheni yothirira ankaithira madzi theka lokha. Akatha mizere itatu ankagona chagada pansi, miyendo ataisanjika pandowa yovundikira, chipewa kumaso, mpaka ululu utsike. Ntchito imene anzawo ankamaliza tsiku limodzi iwo inkawatengera masiku atatu, koma chimanga, nyemba, maungu ndi matimati a m'dimba limenelo zinkachititsa manyazi anthu a misana yabwinobwino.

Amayi anga, omwe anali mwana wawo woyamba, zonsezi sizinkawasangalatsa. Anawauza pamaso pawo kuti akadzangogwanso ndi msanawo, khasu lidzabisidwa ndipo dimba lidzapatsidwa kwa munthu wamphamvu. Agogo ankadziwa kuti mwana wawoyu sanena chinthu kawiri. Dimba limenelo analiswa okha m'mabango ali mnyamata, ndipo ndimo munali moyo wawo wonse kuyambira pamene agogo aakazi anamwalira.

Kwathu kuno wamkulu akamva msana amaitana mwana wopepuka kuti amuponde, ndipo palibe amene ankaona cholakwika. Ine ndinkagwira munsi ngati ndodo, n'kumayenda pang'onopang'ono kuchokera m'mapewa kutsika, kenako kubwerera, osafika pamalo opweteka aja pamwamba pa chiuno. Malipiro ake anali aakulu. Njinga yawo agogo sankaikweranso, ankangoikankha ngati chotsamira popita kudimba, ndipo woponda msana ndiye ankakhala pakaliyala, miyendo ikulendewera, akuyang'ana ana anzake oyenda pansi. Chimanga choyamba kukhwima chinali chake, nkhaka yoyamba inalinso yake. Ankanditchula kuti dokotala wawo, ndipo ine dzinalo ndinkayenda nalo mudzi wonse.

Ndiye kunabwera Chanazi. Chaka chimenecho madzi osefukira anagwetsa nyumba ya amalume anga ku Nsanje n'kukwirira munda wawo ndi mchenga, choncho anasamukira kwathu ndi mwana wawo wamkazi ameneyu. Anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, wowonda, miyendo ngati mabango. Ine ndinali ndi khumi ndi chimodzi ndipo madiresi anali atayamba kundithina. Tsiku lina masana nditangokwera pamsana, agogo anabuula pang'ono n'kunena kuti, "Lusiya, wakula iwe. Tatsika ayese mnzakoyu." Basi, udokotala wanga unathera pomwepo, popanda ngakhale kutsanzikana.

Ndinachita nsanje yoti mpaka lero sindinaiiwale. Chanazi ankalankhula Chisena chokhachokha, chilankhulo cha amayi awo a agogo, ndipo awiriwo akayamba kucheza ankaseka mpaka misozi, ine ndikungotola mawu amodziamodzi. Iye akatsika pamsana ankamuuza kuti takhuta, pamene ine zaka zonse zija ankangondiuza kuti zikomo, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti takhuta ndi wokoma kuposa zikomo. Popita kudimba ine tsopano ndinkayenda pambuyo pa njinga, khasu paphewa, ndikumeza fumbi, iye ali pakaliyala panga akuimba. Ndinkamutsina amayi akayang'ana kumbali. Ndinamubisira patapata m'khola la mbuzi. Ndinamuuza kuti ng'ona za kwathu zimasankha ana a ku Nsanje, koma anangondiyang'ana n'kundifunsa kuti zimawadziwa bwanji. Kwa mlungu wathunthu ndinkadya pang'ono kuti ndipepuke, mpaka amayi anandimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo sindinapepuke ngakhale pang'ono.

Chaka chimenecho madzi anachedwa kuphwa m'madimba, dzuwa n'kufulumira kuwawa. Ulimi wa kudimba kwathu suyembekeza munthu. Madzi akangochoka uyenera kudzala nthaka ikadali ndi chinyontho, ukazengereza chimatsika pansi pomwe mizu singafike, pamwamba n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Agogo anapisa chala m'dothi n'kunena kuti ali ndi masiku khumi. Pofika tsiku lachinayi anali atadzala theka, ndipo ankabwera kunyumba akukoka mwendo koma akuimba mluzu, chifukwa ankaona kuti akwanitsa.

Tsiku lachinayi lomwelo Chanazi anaponda munga, phazi linatupa, analimanga ndi kansalu, ndipo anangokhala pakhonde. Amayi anali kumjigo, amalume atapita kokafuna ganyu. Agogo anayala mphasa yawo pansi pa nimu, anagona, ndipo mwachizolowezi anaitana. Ndinathamanga munsi uli kale m'manja. Atandiona anati ndisiye, lero angopuma, mawa phazi la mnzanga likhala litaphwa.

Ndinaima pomwepo misozi ikulengeza. "Ndiye kuti ine simundifunanso," ndinatero.

Anandiyang'ana cham'mbali, tsaya lili pamphasa. Ankadziwa kulemera kwanga kuposa ine mwini. Kenako anatembenuzira nkhope pansi.

"Kwera, mwana wa mwana wanga. Koma pang'onopang'ono."

Ndikanangoyenda m'mapewa monga kale, mwina sipakanachitika kanthu. Koma ine ndinkafuna kuti aone kusiyana kwa dokotala weniweni ndi kamwana kongophunzira. Ndinaganiza kuti Chanazi amaopa kufika pamalo penipeni popweteka, ndiye chifukwa chake agogo sakuchira, ndipo ine ndikapafika adzandibwezera kaliyala wanga. Ndinatsika mpaka pamwamba pa chiuno, ndinaika chidendene, n'kutsamira ndi thupi lonse. Sanakuwe. Mpweya unangotuluka m'kamwa mwawo, zala zawo zinakanda mphasa mpaka bango kuthyoka, ndipo mwendo wakumanzere unayamba kunjenjemera wokha. Nditadumphira pansi anayesa kudzuka koma analephera, thukuta lili chuchuchu pamphumi.

Anandikoka ndi diresi kuti ndigwade pafupi, n'kulankhula mano atalumana. "Tamvera. Ine ndanyamula kheni yodzaza kudimba. Iwe sunandiponde. Wamva?" Ndinagwedeza mutu. Nditatembenuka ndinaona Chanazi ali pakhonde, phazi lake lomanga lija atalitambasula, maso ali pa ife. Anali ataona zonse kuyambira pachiyambi.

Amayi atafika anatula ndowa n'kuwafunsa chachitika, ndipo agogo ananena za kheni zija osaphethira. Amayi anawakalipira pamaso pa anthu onse amene anasonkhana, ngati akukalipira mwana wakuba shuga. Anati ndi munthu wosamva, wouma mutu, wofuna kufera matimati. Agogo, munthu amene kwa zaka zonsezo sanadzazepo kheni ngakhale kamodzi, anangoti inde, ndalakwa. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikudikira kuti Chanazi atsegule pakamwa. Ndinali nditamutsina mokwanira moti anali ndi chifukwa chabwino chonenera, koma anangokhala duu akuseweretsa kansalu ka kuphazi.

Anawatengera kuchipatala pangolo atawagoneka pachitseko. Kumeneko adokotala atamva kuti kwathu timaponda msana, analetsa kotheratu, ngakhale mwana akhale wopepuka bwanji. Amayi atabwera ndi uthenga umenewu, ndiulule, chinthu choyamba chimene ndinamva mumtima chinali kachimwemwe koti Chanazi nayenso ntchito yamuthera. Manyazi anabwera pambuyo pake, ndipo sanachokenso.

Agogo anagona milungu itatu osatha kukhala tsonga. Masiku khumi aja anatha ali pamphasa, akuwerenga okha osauza munthu. Amalume anathamangira kukadzala theka lotsala lija, koma anachedwa, mbewu zambiri sizinamere. Amayi anachita zimene ananena. Khasu la mpini wautali linakwezedwa kudenga, ndipo dimba linapatsidwa kwa amalume, omwe analibe munda komanso anali ndi msana wathanzi. Palibe amene akanatsutsa, ndipo agogo sanatsutse. Tsiku limene nkhaniyi inagamulidwa anangopempha kuti mtengo wa mango umene anadzala kumalire usadulidwe.

Atayamba kuyenda anapempha bwato lakale lobooka kwa msodzi wina, analikweza pazitsa kuseri kwa nyumba kuti lifike m'chiuno, n'kulidzaza dothi ndi manyowa a mbuzi. M'menemo ankadzala mpiru, anyezi ndi matimati pang'ono, akuthirira ndi chikho ali chiimire. Alendo ankayamikira nzeru zawo, iwo n'kumayankha kuti izi ndi zoseweretsa chabe. Amalume akabwera kuchokera kudimba, agogo ankawafunsa za ngodya ya kumunsi, ngati ikusungabe chinyontho, ngati mvuu zasiya kulowa, ndipo ankamvetsera yankho maso ali patali. Anakhala zaka zina zisanu. Kudimba anapitako kawiri kokha, ngati mlendo, ndipo ulendo wachiwiri anabwerera panjira.

Kwa ine sanasinthe. Tomato woyamba wa m'bwato anamudula pakati, theka ine theka Chanazi, ndipo ndinadya langa osawayang'ana. Ndikanakonda akanandikalipira, kapena Chanazi akanandinenera, ndimenyedwe zithe. Koma mmodzi ananama kuti anditeteze, wina anandisungira chinsinsi, ndipo ndinapeza chifukwa chatsopano chomuchitira nsanje msuweni wangayo, chakuti ngakhale pa mtima wabwino anandiposa. Kamodzi kokha, ndili wamkulu ndithu, ndinayesa kuyambitsa nkhaniyo tili awiri ndi agogo. Anandidula ndisanathe. "Nkhabe, Lusiya. Amene anati kwera ndine," anatero pokana m'Chisena, n'kunditumiza kukatunga madzi.

Lero ndimasoka zovala ku Nchalo ndipo ndili ndi ana anga awiri. Amalume anamwalira, ndipo dimba lija ndi la Chanazi. Ndi mayi wonenepa tsopano, wa mawu aakulu, amagulitsa matimati ake ku Ngabu ndipo amawadziwa makasitomala onse ndi mayina. Ndinaponda msana wa agogo kuti ndimulande kaliyala wa njinga, mapeto ake ndinamupatsa dimba lonse ndi phazi langa lomwe. Nsanjeyo sinathe, sindinganame. Sindimuchitira nsanje chifukwa cha dothi lokha. Chimene chimandiwawa n'chakuti iye amatha kukamba za agogo momasuka, kuseka, kutsanzira mayendedwe awo, pamene ine dzina lawo likatchulidwa ndimayamba kufunafuna chochita ndi manja.

Mwezi wathawu tinakumana kwa amayi, Chanazi atabweretsa dengu la matimati a kudimba. Amayi anatenga mmodzi, anamutembenuza m'manja, n'kuyamba nkhani yawo ya nthawi zonse, yakuti atate awo anali munthu wosamva, kheni imodzi yokha inawalanda dimba labwino chonchi. Chanazi anapitiriza kusankha matimati osadzutsa mutu. Ine ndinatsegula pakamwa, ndinamva mawu atafika palilime, kenako ndinafunsa ngati pali mchere m'nyumba. Amayi akalamba kwambiri tsopano, makutu ayamba kuwavuta, ndipo sindinawauzebe.