Kambale Kamaluwa Kanandilanda Mpongozi

Ine ndine uja woyambitsa nyimbo. Kuno ku komboni ya Kanyama mukamva nthungululu yakuthwa pa ukwati, kapena mawu otsogolera amayi pa nyumba ya maliro, musavutike kufunsa, ndine. Sukulu ndinangoinunkhiza, zilembo zanga zimapendama ngati mpanda wa malata nthawi ya mphepo, koma pakhosi pano Mulungu anandipatsa mosaumira. Ndikaseka ndimaimba, ndikakalipa ndimaimba. Izinso ndikuzilemba ndikuimba chamumtima, ngakhale nyimbo yake ndi yowawa ngati impwa.

Thupi ndinali nalo, ana inu, thupi ndinali nalo! Chitenje chimodzi chinkafika m'chiuno n'kupepesa. Ndikakwera minibasi, kondakitala ankayang'ana kumwamba ngati akupemphera. Ndipo anthu ankaliyamikira thupilo. “Ba mbuya, mwana wanu akusungani bwino, onani mwamene muwalira!” Kwathu kuno mnofu wa mayi ndi ulemu wa mwana wake. Mayi akanenepa, ndiye kuti mwana ali ndi mtima ndipo mkazi wake ali ndi manja. Mayi akaonda, pali wina woti ayankhe.

Koma maondo sadya ulemu. Anayamba kulira, kwee kwee, ngati chitseko cha chimbudzi. Mvula ikagwa kuno madzi sapita kwina, amangokhala nafe, ndipo timayenda modumpha pa miyala ndi zidutswa za mabuloko zimene anthu amandandalika m'njira. Chaka chimenecho ine kudumpha kunandikanika. Ndinakhala pakhomo, miyendo pa mphasa, ndikumva amayi anzanga akudutsa kupita ku maliro, wina atayambitsa nyimbo yanga pamwamba kwambiri mpaka onse kulephera kuifikira. Ndinalira tsiku limenelo, koma sindinkalira womwalirayo.

Amene anandikokera ku kiliniki anali mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wotsiriza. Tinkakhala nyumba imodzi, ine, iwo awiri ndi ana awo. Iye ndi Mbemba wa ku migodi, ine ndine wa kum'mawa, ndipo mitundu yathu iwiriyi imanyozana mwachibale, wina osakwiya: iwo amatiseka kuti timadya mbewa, zimene kuno amati mbeba, ife timawaseka kuti amadya anyani. Ena ndi apongozi awo amapatukirana m'njira. Ife ayi. M'mawa uliwonse moni wake unali chipongwe.

“Ba mayo, mbeba zasila pa maketi. Lelo muzadya chani?”

“Iwe, choka apa. Pita ukaone ngati nyani wako wapsa pa mbaula.”

“Nyani ni nyama, ba mayo. Imwe mulanda pusi chakudya.”

Tinkaseka mpaka ana kudzuka. Mwana ameneyo ndinkamukonda kuposa ena amene ndinawabereka ndekha, ndipo izi ndazilemba dala kuti aziwerenge.

Ku kiliniki ba sista anandimanga chingwe pamkono, anandikweza pa sikelo, anandipinda maondo, kenako anati magazi akuthamanga ndipo miyendo yatopa ndi katundu. Chepetsani thupi, mbuya. Ndinamvera. Shuga m'tiyi ndinasiya, zakumwa za m'botolo ndinasiya, vitumbuwa vam'mawa vija ndinavitsanzika ngati mlendo. Ndipo sikelo inatsika! Mwezi uno yatsika, mwezi winawo yatsikanso. Ndinkabwerera kunyumba ndikuimba m'njira monse, watsika watsika, mtolo wa mbuya watsika, mpongozi akundivomera pambuyo kwinaku akubisa nkhope ndi chitenje.

Kenako inaima. Muvi wa sikelo unaima ngati minibasi yodikira kudzaza, injini ikulira koma osasuntha. Ndikapita mwezi wotsatira, pomwepo. Wotsatiranso, pomwepo. Ndinavula nsapato, ndinavula juzi, ndinavula ngakhale duku, pomwepo. Maondo anali atapepukako pang'ono, koma osafika podumpha mwala.

Malangizo anabwera ngati ntchentche. Uyu akuti imwani madzi otentha a mandimu, uyu akuti mangani mimba ndi chitenje pogona, uyu akuti kuli tiyi wina m'tauni wosungunula mafuta. Ine ndinaganiza zanga. Ndinati ngati kusiya pang'ono kunatsitsa pang'ono, kusiya kwambiri kutsitsa kwambiri. M'mawa ndinasiya kudya. Masana ndinasiya. Ndinkangomwa tiyi wopanda kanthu n'kugona pa mphasa, mutu uli zii, mawu osatuluka, ngakhale kusesa pakhomo osakwanitsa.

Mpongozi anandichonderera. “Ba mayo, ivi si vamene anakamba ba sista.” Ine ndinkamuyankha ndi nyimbo yoti odya anyani sadziwa za thupi la munthu.

Koma dzuwa likapendeka njala inkabwera ndi abale ake onse. Ife akazi ndi ana tinkadyera mbale imodzi, ndipo m'mbale imodzi dzanja siliwerenga. Umangotema, kusunsa, kumeza, mpaka pansi pa mbale kuoneka. Zotsala za adzukulu zinali zanga, chifukwa ine ndinakula nthawi imene kutaya nsima kunali tchimo. Pa maliro nawonso mphika uliwonse unkadutsa pa ine. “Ba mbuya, lawani mchere.” Kulawa kwake chipande chathunthu. Zimenezo sindinkazitcha kudya. Ndinkadziona ngati munthu wosala, ndipo sikelo ndinkaiona ngati mfiti.

Ndinagwa kumanda, nyengo yotentha ija mvula isanayambe. Ndinali nditakakamira kupita. Ndinayambitsa nyimbo bwinobwino, amayi anavomera, ndipo pakati pa mzere wachiwiri dziko linatembenuka. Nditatsegula maso ndinali pansi pa mtengo, wina akundikupiza ndi chitenje, wina akundimwetsa chakumwa chotsekemera. Amayi a pampando, amene amatsogolera gulu lathu la amayi ku tchalitchi, anagwada pambali panga.

“Mbuya, mwadya chani lelo?”

“Palibe.”

“Nanga dzulo masana?”

“Palibe.”

Ndinanena zoona, koma zoona zimenezo zinafika ku Kanyama ine ndisanafike.

M'mawa mwake mpongozi ananditengeranso ku kiliniki, ndipo ba sista anandikalipira ngati mwana. Anatchula mawu achizungu, makalori, akuti ndiyo mphamvu yobisala m'chakudya. Ine ndinati pa msika sindinawaonepo. Anaseka, kenako anandifotokozera mwa chinenero chathu. Akuti thupi likachepa limafunanso chakudya chochepa, ndiye zimene zinanditsitsa poyamba zinali zitangokwanira kundisunga pamene ndinafika. Akuti kusala kwangako kunkandigoneka pa mphasa tsiku lonse, ndipo zimene ndinkamana m'mawa ndinkazibweza madzulo ndi zoonjeza pamwamba.

“Idyani katatu,” anatero. “M'mawa phala, musasiye. Masana ndi madzulo mtanda umodzi, waukulu ngati chibakera chanu, osati cha mwana wanu. Masamba achuluke, chibwabwa, repu, kalembula. Kapenta, nyemba, dzira, zimene zapezeka. Saladi, mafuta ophikira aja, achepe. Ndipo mukhale ndi mbale yanuyanu, kuti maso aone zimene pakamwa palandira. Ndifuna kadyedwe kamene mungakhale nako mpaka kukalamba.”

“Ndakalamba kale, mwana wanga.”

“Ndiye yambani lero.”

Pobwerera mpongozi anandigulira kambale ka maluwa ofiira m'mphepete. Anakaika pamutu panga ngati chisoti n'kunena kuti mbeba ziwiri zikwanamo. Kuyambira tsiku limenelo ndiye ankandipakulira. Ankayeza mtanda ndi chibakera changa, ine ndikutupitsa dala zala, iye akuzimenya. Masiku oyamba mtanda umodzi unkaoneka ngati mwana wamasiye m'mbalemo. Tinayesa kuuchepetsanso, mutu unayamba zii, tinabweza. Tinayesa kuonjeza, sikelo osasuntha. Tinabwerera pa chibakera, ndipo pomwepo ndi pamene thupi langa linavomera. Njala sinkaluma, mawu anabwerera, ndinayamba kupita ndekha ku mpopi ndi kachigubu kakang'ono. Muvi uja unasuntha. Sunathamange ngati poyamba, unkayenda ngati nkhalamba yopita ku tchalitchi, koma unkayenda.

Ine ndinkaimba. Anansi ankayang'ana.

Nyumba zathu n'zothinana, ukayetsemula wa nyumba yachitatu amayankha. Anaona nkhalamba ikudya payokha pakhomo, kambale kakang'ono, mtanda umodzi, masamba okhaokha, pamene ena azungulira mbale yaikulu. Kwathu kuno mbale yapayekha ndi ya munthu wa chifuwa chachikulu, kapena ya munthu amene atopa naye. Anaphatikiza ndi “palibe” wa kumanda uja, anaphatikiza ndi chitenje changa chimene tsopano chinkazungulira n'kutsala, nkhani inapsa.

Amayi a ku tchalitchi anabwera Lachinayi masana, atavala yunifomu, amayi a pampando patsogolo. Anakhala pa mipando yathu, mpongozi anamukhazika pansi pakati pawo.

“Tabwera kumva,” anatero amayi a pampando. “Kodi m'nyumba muno unga unasila? Ngati unasila, kambani, mpingo ulipo.”

Mpongozi anati ufa ulipo.

“Nanga kambale aka n'ka ndani? Ka pusi?”

Ndinalowererapo. Ndinati kambaleko n'kanga, ba sista ndiwo analamula, kusala kuja ndinasala ndekha iye akundiletsa. Ndinaimirira osagwira khoma, ndinapinda maondo pamaso pawo, ndinati onani, onani, maondo abwera!

“Khalani pansi, mbuya. Musaope, tabwera ife.”

“Ndiope chiyani? Mwanayu ndiye wandiimika!”

“Ni mwamene amakambira onse. Munthu akakalamba amaopa kupitikitsidwa.” Kenako anatembenukira kwa iye. “Iwe mwana, kwanu ku migodi ndiye mwamene munaphunzirira kusunga makolo? Wapeza mayi wathupi lake, wamusandutsa chitsulo cha ambulera.”

Ndinaimba, chifukwa ndilo lupanga lokhalo ndili nalo. Ndinaimba kuti mpongozi wanga ndi ndodo yanga, wondimana mafuta wandipatsa miyendo. Mayi wina anapukuta maso n'kunena kuti, “Mverani, aimba kubisa misozi.” Anapemphera pemphero lalitali lopempha Mulungu afewetse mitima yowuma, anamwa tiyi wa mpongoziyo ndi shuga wambiri, n'kupita.

Mpongozi anadzuka pansi paja. Anatola makapu.

Kuyambira pamenepo ku mpopi akazi ankasiya nkhani iye akafika. Ana ake ankabwera akulira, anzawo akuwaimbira kuti amayi awo amana agogo nsima. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi miyendo yomwe anandipatsayo, kufotokoza. Aliyense ankandigwira dzanja mwachisoni n'kundipatsa chitumbuwa chokulunga m'pepala kuti ndikadye mobisa.

Mwana wanga, mwamuna wake, anatopa. “Amayi, ingodyani monga kale, anthu atonthole.”

Tsiku lotsatira mpongozi anayala mphasa panja, poonekera njira yonse. Anabweretsa mbale yaikulu, mitanda itatu yoti mwamuna wolima athawe, nyama ikusambira m'mafuta, ndi botolo la chakumwa pambali. Anagwada.

“Idyani, ba mayo. Idyani vonse, bantu aone.”

Ndinayang'ana mbaleyo, ndinayang'ana iye. Maso ake anali atatupa. Ndinadziwa chimene ankapempha, ndipo ndinadziwa kuti sichinali cha tsiku limodzi. Kuti pakamwa pa Kanyama patsekeke, thupi lija linayenera kubwerera lonse, ndipo ine kubwerera pa mphasa n'kumamva nyimbo zanga zikuwonongedwa m'njira. Ndinaitanitsa kambale kanga. Ndinapakula ndekha mtanda umodzi, nthuli imodzi, ndinakweza dzanja kuti onse osuzumira aone kuti ndi langa.

“Mwana wanga,” ndinatero, “pa mphasa sindibwereraponso.”

Anagwedeza mutu, ananyamula mbale yaikulu ija, analowa m'nyumba. M'mawa mwake anagwada pa chitseko changa n'kunena kuti, “Mwauka bwanji, apongozi?” Za mbeba sanatchule. Ndinamuputa ndi nyani, anangoti, “Inde, apongozi.”

Mvula itabwera ndinadumpha miyala yonse ya Kanyama, kuyambira pakhomo mpaka ku msewu, chitenje m'manja, nthungululu pakamwa. Mvula itatha mpongozi ndi banja lake anasamukira ku Matero, mbali ina ya tauni. Mwana wanga anati n'kufupi ndi ntchito. Sindinamutsutse.

Lero ndimadzipakulira ndekha, katatu, chibakera chimodzi. Sikelo inatsika mpaka pamene ba sista anati pakwana, ndipo ndakhala pomwepo osavutika. Ndimatsogolera nyimbo ndi mpweya wa mtsikana. Amayi a pampando amandiyang'ana n'kuwomba m'manja. “Onani mbuya mwamene atsitsimukira kuchokera pamene anachoka uja!” Ndinawayankha kamodzi, kawiri, kenako ndinaleka. Ndimangoyambitsa nyimbo pamwamba dala, kuti akhosomole poifikira.

Posachedwapa ndinapeza mbewa zowamba pa msika, za kwathu kum'mawa, zonona, michira ilipo. Ndinazikulunga bwino, ndinakwera minibasi ya ku Matero, ndikuseka ndekha njira yonse poganiza zimene mpongozi anene. Ndinamupeza akuchapa. Ndinatsegula pepala pamphuno pake penipeni.

“Ndakubweretsera ndiwo, iwe wodya anyani.”

Anapukuta manja m'chitenje, anagwada, analandira ndi manja awiri.

“Zikomo, apongozi,” anatero. Ndipo anapita kukandiphikira mitanda itatu.