Ketulo ya Amalume

Ndikukumbukira kuti ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalawa kachasu koyamba ndi komaliza. Chinali chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri, nthawi imene mawu akuti ufulu ankamveka kwathu ku Malengachanzi kuposa moni. Munthu akalowetsa mbuzi zake m'munda wa mnzake ankati ndi ufulu wake.

Amalume anga a Asani, alongo awo a amayi, anali munthu wa mkanjo woyera. Lachisanu ankakhala kutsogolo mumzikiti, ndipo anthu ankawapatsa ulemu. Koma ankamwa. Poti sakanaoneka pamalo a mowa, ankatuma ife ana ndi ketulo yabuluu yothothoka penti, kuti okumana nafe panjira aziti ndi tiyi.

Wotcheza kachasuyo anali mayi wina wakuseri kwa nthochi amene aliyense ankangomutchula kuti a Ufuluwanga. Mwambo wa mowa ndi wakuti mwini wake ndiye amayamba kulawa, amati kuchotsa ufiti, kuti ogula aone kuti mulibe choipa. Iwo anautembenuza mwambowo. Ankalawitsa mwana wotumidwa.

Tsikulo anandithirira theka la chikho cha mutu, kachasu woyamba kudontha uja, wolula kwambiri.

"Lawa, Asiyatu, ukawauze amalume ako kuti si madzi."

"Ine ndine mwana, mayi," ndinatero.

"Mwana? Za ana zinapita ndi chipani chimodzi. Pano aliyense ali ndi ufulu wake. Ukapanda kulawa, ketulo ibwerera yopanda kanthu."

Abambo atatu amene anakhala pamkeka anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinadziwa kuti ndikabwerera chimanjamanja ndikalandira khofi la amalume, ndiye ndinatseka maso n'kumeza. Kukhosi kunapsa, misozi inangotuluka yokha.

Kunyumba sindinafike. Ndinakagwa pafupi ndi mathandala pamene amayi a m'mudzi ankayanika usipa, dzuwa lili pamutu. Ndinasanza pamchenga, chitenje chinamasuka, ndipo anyamata ochokera kusukulu anandizungulira akuwomba m'manja. Amayi anga anandikwapula ndi mtengo wa chinangwa mpaka unathyoka. Atawafunsa amalume, iwo anangoti anandituma madzi otentha kwa azakhali, za mowazo ndi khalidwe langa. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kusukulu linali Nakachasu.

Ndinadana nawo anthu amenewa. Ndinkadzuka nacho chidanicho, kupita nacho kumunda wa mpunga, kubwerera nacho. Amalume akandiitana ndi ketulo ndinkathawira kunyanja. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti iwo ndi abambo oseka aja adzagwe pamathandala monga ndinagwera ine, anthu onse akuona, ndi kuti a Ufuluwanga asadzagulitsenso ngakhale dontho.

Njira ndinaipeza mwa katupe, chitsamba chimene anyamata ankasinja n'kuthira m'maiwe m'chilimwe kuti nsomba ziledzere ndi kuyandama. Ndinathyola masamba ake, kuwasinja pamwala, n'kufinyira madzi ake m'kabotolo. Loweruka lina a Ufuluwanga anakwera lole kukavina kumsonkhano wa chipani kuboma. Ndinalowa m'nthochi mwawo, ndinapeza chigubu chakuda cha kachasu wa mawa lake, n'kukhuthuliramo zonse. Pobwerera ndinkayimba. Za chikho cholawira chija sindinaziganize n'komwe.

M'mawa mwake ndinapita kukaingitsa mbalame kumpunga. Dzuwa litakwera ndinabwera kudzamwa madzi, ndipo ndinaona msomali wa pakhonde la amalume uli wopanda kanthu.

"Amayi, ketulo ili kuti?"

"Poti iwe ukukana kutumidwa, amalume ako atuma Yusufu kukatenga madzi otentha."

Yusufu ndi mlongo wanga wamng'ono. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinamulera kumsana ndine. Ndinathamanga kudutsa m'minda ya chinangwa, minga ikundibaya osaimva. Nditatulukira m'nthochi muja ndinamupeza ataima, ketulo ili pansi, chikho chili pakamwa, abambo aja akumuwerengera. Ndinachimenya chikhocho chinakagwera kutali, koma chinali chitatsala pang'ono kutha.

"Mwana wopanda mwambo iwe!" anakalipa a Ufuluwanga.

Ndikanakhala chete, palibe akanadziwa chimene ndinachita. Koma Yusufu anali atayamba kale kugwira pamimba, malovu akutuluka.

"Muli katupe!" ndinakuwa. "Ndathira ndine! Mwanayu afa!"

Kuseka kunathera pomwepo. Mmodzi wa abambo aja anamukweza Yusufu panjinga kuthamangira naye kuchipatala, ine ndi amayi tikutsatira wapansi. Anagona masiku awiri akungosanza, maso ali mbee. Tsiku lachitatu anapempha phala.

Ndinkayembekezera mtengo wina wa chinangwa, koma amayi sanandimenye. Tili panja pa chipatala anangoti, "Katupe ukamuthira m'dziwe, mwana wanga, sasankha kuti nsomba iyi ndi ya kwanu." Atatero analira, n'kundipepesa chifukwa chosandikhulupirira tsiku lija.

Zina zonse zinachitika monga ndinkafunira, ndipo sindinama kuti sizinandikomere. Ketulo yabuluu inatsala pakati pa bwalo la kachasu, mudzi wonse unaiona, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake. Lachisanu lotsatira amalume anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi nsapato. A Ufuluwanga sanapezenso wogula, anasamukira ku Dwangwa. Nditamva zaka zingapo pambuyo pake kuti amwalira, ndinangoti chabwino n'kupitiriza kupeta mpunga wanga.

Masiku ano ndimamva anthu pa wailesi akutsutsana ngati kuli bwino kutsitsa zaka zololedwa kumwa mowa. Amati achinyamata amamwa kale, ndiye bwanji osangowalola. Mawu amenewa ndinawamva kale m'nthochi muja, kuchokera pakamwa pa munthu amene ankangofuna kugulitsa. Nthawi imeneyo lamulo linkaletsa kupatsa ana mowa, komabe chikho chinatsika mpaka pakamwa pa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Nanga lamulolo likatsika, chikhocho chikaima pati? Za katupe ndimalapa mpaka lero, chifukwa ndinatsala pang'ono kupha mlongo wanga ndi manja angawa. Koma mkwiyo uja sindinaulape, ndipo sindikuona chifukwa choulapira.

Amalume akadali moyo. Anakalamba, ana awo ali kutali, ndiye amakhala kwanga ku Benga. Ndimawachapira, ndimawaphikira, sagona ndi njala. Za bodza lija la madzi otentha sanapepesepo. Ketulo ija ndinakaitola ndine, ndinaikwecha bwino, ndipo m'mawa uliwonse ndimawapititsira tiyi m'menemo. Ndikawathirira m'kapu amaigwira ndi manja awiri, n'kumandiyang'ana m'maso, kudikira kuti mwini tiyi ayambe walawa.

Ine sindilawa.