Dzina la mwana wa Chisomo lavuta

Moni nonse abale.

Lero mwana wa Chisomo watuluka m'chikuta kuno kwathu ku lokeshoni ya Unit L. Ababa amutcha Moyo, poti anabadwa masiku asanakwane koma walimba.

Apongozi ake a Chisomo, Ashona aja, anadandaula nalo dzinalo. Akuti kwawo moyo ndi mtima, komanso ndi mutupo, kapena kuti mfunda, wa eni ake. Iwo ndi a Shumba, ndiye mdzukulu wawo aziyitanidwa ndi mutupo wa anthu ena? Mayi wa ku Congo woyandikana nafe analowererapo, akuti m'Chiswahili ndi mtimanso. Tinaseka!

Ababa anangomufungatira mwanayo, amvekere: "Kaya mtima kaya mutupo, ine ndikuona mwana akupuma."

Mawa tikukalembetsa kalata ya kubadwa. Mukuti tilembe chiyani? Wofuna lisinthe abwere adzawauze yekha Ababa, ine ayi.