Bakha Wothyoka Mwendo mu Mpunga

Ndili kudambo kwathu, kuja anamangako nyumba masiku ano, koma mpunga ulipo, wofika m'chiuno. Ndavala yunifolomu ya kusekondale pa chimimba changachi, mabatani sakutseka.

Bakha wakutchire wakodwa mumsampha, mwendo ukungolendewera. Anzake akuzungulira m'mwamba kumudikira, ndipo ndikudziwa kuti akazungulira kachitatu amusiya.

Achimwene anga a Lekisoni, omwe tinawaika m'manda kalekale, akutulukira mumpungamo, mpeni m'manja.

"Ndiwo izo, mphwanga. Gwira mapiko."

"Mungomukhudza, achimwene, ndikuswani mutu!"

Akuseka mpaka kugwira nthiti. "Imvi mbuu, ukali sunathebe? Bwera naye kuno, chitsiru iwe."

Mpeni uja akung'ambira bango. Tikuika kabango uku kwa mwendo wa bakha, kena uku, monga ankachitira amayi nkhuku ikathyoka mwendo. Luzi palibe, ndiye ndikuvula tayi ya sukulu. Ndikamanga, mfundo ikumasuka. Ndikamanganso, ikumasukanso. Ndayamba kutukwana.

"Usamange ndi mkwiyo, uumitsa mwendo," akutero. "Leka nditsindike."

Akuika chala pamfundo, chikukhudza changa. N'chofunda.

Abakha ayamba kuzungulira kachitatu. Ndikumuponya m'mwamba bakha wovulala uja ndi manja onse awiri, ndipo akuuluka, tayi yanga ikukupiza pambuyo pake. Ndikutembenuka kuti tisekere limodzi, koma achimwene ali kale kutali, madzi m'mawondo, akupita osacheuka. Ndikuwakuwira kuti aime, mawu sakutuluka.

Ndadzuka nditapsa mtima, koma womukalipira palibe.