Skawa za pa Mfundo ya Chitenje

Atanditumiza kukagwira unamwino ku kachipatala ka kumidzi chakufupi ndi Luwawa, ndinapita ndi Chichewa changa cha ku Dedza ndi mtima wanga wapachalawu. Chitumbuka ndinkangodziwa "yewo" basi, zikomo wawo uja.

Ku sikelo kunkabwera mayi wina wachitsikana ndi kamwana kake ka miyezi khumi. Kalamba koyezera mkono kankaima pachikasu, pafupi penipeni ndi pofiira. Kakanangofika pofiira, ndiye kuti zinthu zafika poopsa, mwinanso kukagonekedwa ku Boma.

Phala ankamupatsa, koma la ufa woyera ndi madzi okhaokha. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndinkawadziwa pamtima, koma mazira ndi usipa sizipezeka tsiku lililonse kumeneko, ndiye ndinakakamira pa chimodzi.

"Amayi, sinjani mtedza, muzithira m'phala tsiku ndi tsiku. Mwamva?"

"Yewo, a nesi."

Mwezi wotsatira mwana sanakwere sikelo. Ndinabwerezanso za mtedza, tsopano mokweza mawu, ngati kuti vuto linali makutu. Anati yewo. Mwezi wachitatu ndinapsa mtima, sindinama. Ndinamufunsa ngati mwanayo akumufunadi. Mawu amenewo amandichititsa manyazi mpaka lero.

Mayiyo anatuluka. Anakakhala pansi pa mtengo kudikira anzake oti abwerere nawo. Masana ndikutuluka ndinamupeza pomwepo, wamasula mfundo ya chitenje, akutafuna kamba wake wa paulendo. Munthu yemwe ndamukalipira uja ananditambasulira dzanja.

"Skawa, a nesi. Tengani."

Ndinayang'ana m'dzanjamo. Mtedza wokazinga.

"Amayi inu, suwu mtedza ndakhala ndikunenawu?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso m'dzanja. Kenaka m'Chichewa chake chodukaduka anandifotokozera. Ankaganiza kuti mtedza ndi ufa winawake wa ana wogula m'sitolo, wa anthu apantchito. Ankachita manyazi kundifunsa. Ankadikira kuti mwamuna wake akadzapita ku Jenda akaufufuze. Skawa ndiye zinalipo kwawo, thumba lathunthu pakona.

Ndinakhala pansi pomwepo ndi yunifolomu yoyera. Miyezi itatu ya mwana ndinaitaya ine, chifukwa chokhutira ndi "yewo". Tinagwirizana: asinje, asefe, athire masipuni awiri, phalalo likhale lolimbako, masamba otibula akapezeka awonjezere. Ndipo ndinati andibwerezere zonse m'mawu ake.

Kuyambira pamenepo pa tebulo langa pamakhala timabotolo: mtedza, nyemba, soya, usipa. Ndimaloza n'kufunsa kuti kwanu ichi mumachitcha chiyani, nanga chilipo?

Patapita miyezi iwiri kalamba kaja kanaima pobiriwira. Ndinayeza kawiri. Mayi uja anamubereka mwana wake, n'kumangitsa chitenje, ndipo ali pakhomo anacheuka, akumwetulira mwanthabwala.

"Mtedza wanu uja ngwabwino chomene, a nesi. Mumagula sitolo iti?"