Maenje khumi m'mawa uliwonse

Khansa ya impso inandigwira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimakumbukira mankhwala ofiira a m'diripi ndi tsitsi langa likutsala pa pilo. Ndinachira, tsitsi linameranso, ndipo kwathu ku Kanakantapa nkhaniyo tinaiiwala.

Mtima wokha ndiwo sunaiwale. Nditakula, chigubu chimodzi cha madzi chinkandisiya ndili wefuwefu, mapazi n'kumatupa. Dokotala wa ku Lusaka anati mankhwala omwe anandipulumutsa aja anafooketsa mtima. Anandipatsa mapiritsi a moyo wonse, nati ntchito ndizigwira pang'onopang'ono, mpweya ukachepa ndizikhala pansi. Ndinakwiya njira yonse m'minibasi.

Atate atamwalira, ang'ono awo anabwera kudzayendera munda, manja ali kumbuyo ngati ndi wawo kale.

"Iwe mwana, uzalima bwanji na mtima wako uyo? Munda uzankhala sanga, thengo lokhalokha. Nizaupasa mwana wanga."

"Batate, nipaseni chabe chaka chimozi."

Anaseka, koma anavomera.

Ng'ombe ndinalibe, mphamvu ndinalibe, koma miyezi ya chilimwe ndinali nayo yonse. Ndinayamba gamphani, ulimi wokumba maenje obzalamo mvula isanabwere. Mu Juni, anthu akuothera dzuwa, ine ndinkakoka chingwe chowongolera mzere, n'kukumba maenje khumi, n'kukhala pa ndowa yovundikira mpaka mtima utakhazikika. Tsiku labwino ndinkawonjezera ena khumi, kenako enanso. Tsiku loipa khasu linkagona, inenso n'kugona. Odutsa ankandifunsa ngati ndikusaka mbewa. Zinkandiwawa, koma mpweya woyankhira ndinkausungira khasu.

Mvula yoyamba itagwa, ena anali pa mzere wodikira ng'ombe za eni. Ine manyowa anali kale m'maenje, ndinangoponya mbewu n'kukwirira. Munda wonse sindinaumalize, koma pamene ndinabzala chimanga chinabereka mpaka ndinalira ndi chimwemwe pakati pa mizere.

Juni wotsatira atate aang'ono aja anatulukira ndi khasu paphewa. Za mwana wawo sanazitchulenso. Anafunsa kutalikirana kwa maenje, n'kuyamba kukumba mwaukali kuti andionetse chamuna. Asanafike pakati pa chingwe, thukuta linali kamukamu.

Ndinanyamuka, n'kuwakankhira ndowa yanga.

"Nkhalani pansi, batate. Mu munda mwanga timapumula."