Tsiku limene ndinaopa kutsinzina

Dzulo mwana wanga akulemba homuweki ya Chingerezi anandifunsa kuti, "Amayi, prayer n'chiyani?" Pomwepo fungo la choko linandibwerera m'mphuno.

Ndinayamba sukulu ya mishoni kufupi ndi Senga Bay ndili kamtsikana ka Chisilamu. Kwathu popempha duwa tinkatambasula manja tikuyang'ana. Tsiku loyamba aphunzitsi, abambo aatali atagwira ndodo yolozera pa bolodi, anakuwa kuti, "Prayer! Aliyense atsinzine!"

Ana onse anatsinzina n'kuweramitsa mitu. Ine mtima unangoti phwii, chifukwa kwathu ankatiuza kutsinzina potibaya jakisoni basi. Ndinaganiza kuti anzangawa akudikira kukwapulidwa. Ndinayang'anitsitsa ndodo ija, mkodzo uli pafupi kutuluka.

Aphunzitsi atandiyandikira ndinalira kuti, "Pepani, musandimenye!"

Iwo anaika ndodo pansi n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, tikulankhula ndi Mulungu. Kwanu mumatani?"

Ndinatambasula timanja tanga.

"Basi, pemphera choncho."

Mwana wanga ndinangomuyankha kuti ndi pemphero. Sindinamuuze kuti liwu limenelo ndinaliphunzira ndi misozi, kwa munthu amene anayamba waika ndodo pansi.